Nkhondo ya Pansi pa Chombo

Pansi pa chombo chilichonse choyenda pa nyanja yamchere pamamera mudzi. Poyamba pamagwira utelezi wa mabakiteriya, kenaka ndere, ndipo potsiriza pamadza tinkhono ta zigoba zolimba todzimata ndi ulimbo wakewake. Chombo chotere chimachedwa ndiponso chimamwa mafuta ambiri, ndipo mtengo wa mafutawo umakalowa ngakhale mu katundu wotsikira pa madoko a Beira ndi Nacala.

Amalinyero akale a ku nyanja ya Mediterranean ankamata zombo zawo ndi phula, ena nazikuta ndi mtovu. M'chaka cha 1761 ankhondo a pamadzi a ku Britain anayesa kukuta chombo chawo chotchedwa Alarm ndi mkuwa. Zomera zija zinachepadi, pakuti mkuwa ukamasungunuka pang'onopang'ono m'madzi amchere umasanduka chiphe. Koma mkuwa womwewo unachititsa kuti misomali yachitsulo idyeke, kufikira pamene amisiri anayamba kukhoma ndi misomali yamkuwa.

Zitabwera zombo zachitsulo m'zaka za m'ma 1800, kukuta ndi mkuwa sikunathekenso, motero anthu anatembenukira ku utoto wosakaniza ndi ziphe. Chiphe choposa zonse chinali TBT, chimene chinawanda kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Eni zombo anakondwa, popeza chombo chinkatha zaka zisanu pansi pake pali mbee.

Komatu walira mvula walira matope. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, alimi oweta nkhono zodyedwa pa gombe la Arcachon ku France anaona kuti zigoba za nkhono zawo zikupunduka ndipo ana ake sakukula. Ku magombe a Britain nkhono zina zazikazi zinamera ziwalo zachimuna, nizilephera kuswana. France inaletsa utotowo pa zombo zazing'ono mu 1982, Britain mu 1987. Mu 2001 maiko a m'bungwe loona za maulendo a panyanja la IMO anapangana zouletsa kotheratu, ndipo panganolo linayamba kugwira ntchito mu 2008.

Apa m'pamene akatswiri analimbikira kufunsa funso lina: m'malo mopha, bwanji kungoletsa tinkhonoto kumata? Ulimbo wake ndi wa puloteni, ndipo m'chilengedwe muli timphamvu totchedwa maenzaimu tomwe timaphwanya zinthu zotere. Mayi wofulula thobwa amawadziwa ntchito yake, chifukwa ndiwo ali m'chimera, osandutsa phala kukhala lotsekemera. Enzaimu ina yotchedwa subtilisin, yochokera ku mabakiteriya, imadula puloteni, ndipo poiyesa inafooketsa kumata kwa ndere ndi ana a tinkhono tija.

Vuto n'lakuti enzaimu yongosakaniza mu utoto imakokoloka ndi madzi. Choncho akatswiri amayala polima, ndiye kuti utomoni wa mtundu wa pulasitiki, n'kumangirira enzaimuyo pamwamba pake monga mbuzi pa chikhomo, kuti izigwira ntchito koma osachoka. Ngakhale zili choncho, mphamvu yake imazilala msanga, pamene chombo chimafuna chitetezo cha zaka zingapo. N'chifukwa chake zombo zambiri lero zikudalirabe utoto wa mkuwa, ndipo ntchito ya maenzaimu ikadali m'nyumba zofufuzira. Amene anaona za ku Arcachon safulumiranso kutamanda mankhwala asanawayese. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.