Mfuti ya Pakati ndi Pakati: Mbiri ya Chipolopolo cha 7x57



M'midzi yathu yambiri mukadali akuluakulu amene amaikumbukira mfuti ya gogodela, ija inkadyera kukamwa. Mlenje ankathira wonga mumpope, nkutsendera ndi kansanza, nkuponyamo chipolopolo cha mtovu kapena kachidutswa ka chitsulo, nkutsenderanso kachiwiri. Akawomba, utsi unkangoti tolo, kotero kuti ankayamba wadikira mphepo kuti iuchotse asanadziwe ngati nyama ija yagwa kapena ili m'njira kudzamugunda. Nkhani yathu ya lero ndi ya mfuti imene inadza m'malo mwa gogodela, komanso ya mkangano umene alenje akhala nawo kwa zaka zoposa 100. Mkanganowo ngwakuti, kodi munthu wolowa m'tchire anyamule mfuti yaikulu, yolemera, yogwetsa nyama ndi mphamvu yake yokha, kapena yapakati, yopepuka, imene imafuna diso lolunjika? Funsoli si lamasewera, pakuti ena amene analiyankha molakwa anasiya mafupa awo kutchire.

Tiyambe ndi mfuti zazikuluzo. M'chaka cha 1872 mnyamata wina wa ku England, Frederick Selous, analowa m'dziko la mfumu Lobengula, kumene lero kuli Zimbabwe, atanyamula mfuti zodyera kukamwa zimene chipolopolo chake chimodzi chinkalemera magalamu pafupifupi 113. Zipolopolo zinayi zokha zinkakwana paundi yathunthu. Anapha nazo njovu 78, koma atakula iye mwini anadandaula kuti kukankha kwa mfutizo paphewa kunamuonongera mtima wowombera kwa moyo wake wonse. Tsiku lina mfuti yake inathiridwa wonga kawiri mwangozi, ndipo atawomba inamuponya pansi nkumung'amba tsaya. Alenje a nthawiyo sankakonda mfuti zoterezi chifukwa cha matama ayi. Wonga wakuda sunkatha kuthamangitsa chipolopolo kwambiri, motero njira yokha yoonjezera mphamvu inali kukulitsa chipolopolocho.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1884, pamene katswiri wa ku France, Paul Vieille, anapanga wonga wosatulutsa utsi wambiri, womwenso unali wamphamvu kuposa wakale. Tsopano kunali kotheka kuponya chipolopolo chaching'ono pa liwiro lalikulu. Popeza mtovu wokhawokha ukanasungunukira mumpope pa liwiro loterolo, anayamba kuuveka chikhungwa cha chitsulo cholimbirapo. Maiko a ku Ulaya analowa mumpikisano wosula mfuti zatsopano za asilikali awo, ndipo mmisiri amene anaposa anzake anali Paul Mauser wa m'tauni ya Oberndorf, m'mbali mwa mtsinje wa Neckar ku Germany.

Mfuti za Mauser zinali za mtundu umene Angerezi amautcha bolt. Dzinali likuchokera ku mpiringidzo wa chitseko, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito nkofanana ndithu. Kumbuyo kwa mpope kuli chitsulo chobulungira chokhala ndi chigwiriro. Wowomba amatukula chigwirirocho nkukokera chitsulo m'mbuyo, ndipo kabotolo ka mkuwa kamene munali wonga kamatumphira kunja. Akachikankhira m'tsogolo chimatola chipolopolo china, ndipo akatsitsa chigwiriro, mano awiri a kutsogolo kwa chitsulocho amakolana ndi thupi la mfuti, khomo nkutsekeka ndithu. Nzeru ina ya Mauser inali kambedza kaakulu kamene kamagwira chipolopolo chikangotuluka m'nkhokwe yake, osachitaya mpaka chitalowa kapena kutuluka. Kwa munthu amene manja akunjenjemera, nyama ili pafupi, kambedza kameneka ndiko kamaletsa zipolopolo ziwiri kupanikizana pakhomo.

M'chaka cha 1892 Mauser anapanga chipolopolo chimene tikukamba lero, ndipo chaka chotsatira dziko la Spain linachisankha pamodzi ndi mfuti yake yonyamula zipolopolo zisanu. Manambala a 7x57 asakuopseni. Nambala yoyamba ikutanthauza kukula kwa bowo la mpope, mamilimita 7, ndipo yachiwiri ndi kutalika kwa kabotolo ka mkuwa kaja, mamilimita 57. Chipolopolo chenichenicho chinkalemera magalamu 11 ndi kadontho, gawo limodzi mwa magawo khumi a chija cha Selous, koma chinkatuluka pa liwiro la mamita 700 pa sekondi imodzi. Chinali chachitali ndi chowonda, ndipo apa ndi pamene pali chinsinsi chake chonse. Yesani kubaya dzungu ndi chibakera, kenaka ndi lisungulo la njinga, mudzaona chimene chimalowa patali.

Mbiri yake inayambira kunkhondo. Pa 1 July 1898, pa zitunda za San Juan ku Cuba, asilikali a Spain mazana ochepa chabe anaimitsa gulu lalikulu la asilikali a America kwa maola angapo, nkupha ndi kuvulaza ambiri asanagonje. Ena mwa asilikali a America anali akadali ndi mfuti za wonga wakuda, ndipo utsi wawo unkaulula pamene abisala. America inapambana nkhondoyo, koma inatengapo phunziro: mfuti yake yatsopano ya Springfield ya 1903 inafanana kwambiri ndi ya Mauser kotero kuti boma linachita kulipira kampani ya Mauser ndalama. Angerezi nawo analawa zomwezo ku South Africa pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902. Mabunu anali alimi ozolowera kusaka nyama m'chidikha, ndipo maboma awo a Transvaal ndi Orange Free State anali atagula mfuti za Mauser zikwizikwi. Ku Magersfontein ndi ku Colenso mu December 1899, ndi pa phiri la Spion Kop mu January 1900, asilikali a Britain ankagwa osamuona amene akuwawomba. Inu okonda mpira, dziwani kuti mbali ija ya bwalo la Anfield ku Liverpool yotchedwa Kop inatenga dzina lake ku phiri lomwelo.

Tsono panali vuto la malonda. Kampani yakale ya John Rigby ku London inali wogulitsa mfuti za Mauser ku Britain, koma Mngelezi wa masiku amenewo sakanakondwa kugula chipolopolo cha dzina la Chijeremani chimene chinapha ana a kwawo. A Rigby anayeza bowo lomwelo m'mainchesi nkulitcha .275. Chipolopolo chinali chomwecho, dzina lokha ndilo linavala suti ya ku London. Ndi dzina limeneli chinalowa m'tchire la Africa ndi la India.

Munthu amene anachitchukitsa koposa anali Walter Bell wa ku Scotland, wobadwa m'chaka cha 1880, amene anapatsidwa dzina lakuti Karamojo chifukwa cha zaka zimene anakhala akusaka minyanga ku Karamoja, kumpoto chakum'mawa kwa Uganda. Bell anapha njovu 1,011, pafupifupi zonse zamphongo, ndipo mwa zimenezi pafupifupi 800 anazipha ndi mfuti ya .275. Anthu akamva zimenezi amaganiza kuti mwina mfutiyo inali ndi mankhwala. Ayi. Bell anatenga sowo nkucheka chigaza cha njovu pakati kuti aone pamene ubongo umakhala, ndipo anaphunzira kuupeza kuchokera kutsogolo, m'mbali, ngakhale chakumbuyo njovu ikuthawa. Ankagwiritsa ntchito zipolopolo zachikhungwa cholimba, zosaphwanyika zikagunda fupa. Ankayenda pansi mitunda yosawerengeka mfuti ili m'manja, akuiyesayesa paphewa yopanda chipolopolo mpaka inakhala ngati chiwalo cha thupi lake. Ankanenanso kuti kulira kwa mfuti yaing'ono sikunkabalalitsa gulu la njovu monga mmene inkachitira yaikulu, motero ankatha kugwetsa zingapo malo amodzi. Mfundo yake inali yakuti chipolopolo chikafika paubongo, kukula kwake kulibe kanthu, ndipo chikaphonya, ngakhale chikule motani, njovu ipita.

Ine ndimaona kuti mfundoyi ndi yoona, koma yasocheretsa anthu ambiri. Bell ankasaka pa nthawi imene njovu zinali zisanachenjere ndi mfuti, m'madera oyera momwe munthu ankatha kuima ndi kusankha poloza. Ndipo a Bell sanali awiri. Ambiri amene anawerenga buku lake la 1923 lonena za maulendo ake anatengamo kukula kwa mfuti, nkusiya sowo uja ndi zaka za kuyeserera.

Kuti mumve mbali inayo, tamvani za George Grey. Munthuyu sanali mlendo m'tchire: ndiye anatsogolera ulendo wa 1899 umene unakapeza mkuwa ku Kansanshi, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo mkulu wake, Sir Edward Grey, anali nduna yoona za maiko akunja ku Britain. M'chaka cha 1911 ali ku Kenya anapita kukasaka mikango atanyamula mfuti ya .280 Ross. Bowo lake linali lofanana ndi la 7x57, koma inkaponya chipolopolo chopepuka pa liwiro loposa, ndipo otsatsa malonda ankaitama kwambiri. Mkango utamuthamangira, Grey anawomba nkuulasa ndithu, koma zipolopolo zija zinaphwanyikira m'minofu osalowa m'kati. Mkango unamugwetsa, ndipo patapita masiku ochepa anamwalira ku Nairobi. Taonani: bowo limodzi, koma wina anagwetsa njovu mazanamazana, wina analephera mkango umodzi. Kusiyana kunali m'mapangidwe a chipolopolo ndi pa nyama imene chinalozedwapo.

Ku India kunali Jim Corbett. M'chaka cha 1907 anapha kambuku wamkulu wamizeremizere, uja amamutcha tiger, amene anadya anthu 436 ku Nepal ndi ku Champawat, ndipo bwanamkubwa wa chigawocho, Sir John Hewett, anamupatsa mphatso ya mfuti ya .275 ya Rigby. Ndi mfuti imeneyi anakwera nayo mapiri a Kumaon kwa zaka zambiri, chifukwa inali yopepuka kunyamula tsiku lonse, ndipo m'chaka cha 1926 anapha nyalugwe wa ku Rudraprayag amene anatha anthu oposa 125. Komabe Corbett anali ndi mfuti ina yaikulu ya mipope iwiri, imene ankaitenga akadziwa kuti akakumana ndi chilombo pafupi m'nkhalango yowirira.

Nanga kwathu kuno? Mfutizi zinafika ndithu. Denis Lyell ndi Kaputeni Chauncey Stigand, amene anagwirapo ntchito ya usilikali ku Zomba, analemba pamodzi buku la nyama za kuno ndi mapazi ake m'chaka cha 1906, ndipo onse awiri anali okonda mfuti zopepuka. Koma makolo athu sanaloledwe kuzigwira. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, nkungowasiyira zakale zodyera kukamwa. Ndicho chifukwa chake gogodela anakhalitsa m'midzi mwathu pamene mzungu anali ndi mfuti ya zipolopolo zisanu. Ndipo tisabise mtengo wake. David Livingstone anaona njovu pafupifupi 800 m'dambo la Elephant Marsh ku Lower Shire m'chaka cha 1859. Pofika 1897 boma linachita kulisandutsa malo otetezedwa chifukwa nyama zinkatha, ndipo lero m'damboli mwatsala dzina lokha la njovu. Mfuti yopepuka, yotsika mtengo, yowomba msangamsanga, inafulumizitsa kutha kwa nyama m'madera ambiri a Africa.

Pomaliza pake malamulo ndiwo anaweruza mbali ina ya mkangano uja. Kampani ya Holland & Holland inatulutsa chipolopolo cha .375 m'chaka cha 1912, ndipo m'kupita kwa nthawi maiko angapo amene amalola kusaka analamula kuti njovu ndi njati zisamawombedwe ndi mfuti yochepera pamenepo kapena pafupi ndi pamenepo. Chifukwa chake nchakuti njati yolasidwa imathawira m'bango, ndipo amene amakumana nayo mawa lake ndi mayi wopita kumunda. Kenya inaletseratu kusaka nyama ndi mfuti m'chaka cha 1977. Kuno ku Malawi munthu sasunga mfuti popanda chilolezo cha boma, ndipo lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso m'chaka cha 2017 limalola khoti kulamula zaka zofika 30 m'ndende kwa wopha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu.

Koma pa nyama zapakati, za msinkhu wa gwape, mbawala, nswala, njiri, mpaka ngoma, alenje a m'mafamu a ku South Africa ndi Namibia ndi a m'nkhalango za ku Ulaya sanaitaye mfuti yapakati. Chifukwa chake nchimene Selous anadandaula nacho. Mfuti yokankha kwambiri imaphunzitsa mwini wake kutsinzina ndi kudzidzimuka chipolopolo chisanatuluke, ndipo wotsinzina amalasa nyama m'mimba m'malo mwa m'mapapo. Anthu a ku Sweden apha nyama yawo yaikulu ya moose kwa zaka zoposa 100 ndi chipolopolo cha 6.5x55 cha m'chaka cha 1894, chochepa kuposa cha Mauser uja. Wosankha mfuti yoteroyo amayang'ana ngati ikumukwana paphewa, ngati bolt ikuyenda bwino ngakhale fumbi litalowa, ndiponso ngati zipolopolo zake zimapezeka kumene iye akukhala, pakuti mfuti yabwino yosowa zipolopolo ndi chibonga chabe. Pa mfundo yomalizayi 7x57 inapitiriridwa ndi .30-06 ya 1906, .270 ya 1925 ndi .308 ya 1952. Makampani a ku America anatulutsanso 7mm-08 m'chaka cha 1980 ndi 6.5 Creedmoor m'chaka cha 2007, zonse zikuchita pafupifupi ntchito imene Paul Mauser anaikwanitsa kale m'chaka cha 1892.

Kampani ya Rigby, itakhala zaka zingapo ku America, inabwerera ku London m'chaka cha 2013 itagulidwa ndi eni ake omwe a kampani ya Mauser. Patapita zaka ziwiri inagulanso mfuti ija ya Corbett, thabwa lake litaperepeseka ndi manja, ndipo m'chaka cha 2016 inaitengera ku India kukaionetsa kwa zidzukulu za anthu a m'midzi ya ku Kumaon.