Kuchokera pa Nsalu Yoyera Kufika pa Magalasi Ovala Kumaso

M'mwezi wa Januwale chaka cha 1854, pabwalo la mfumu Shinde ya Alunda, m'dziko lomwe lero tikuti Zambia, anthu anasonkhana kudzaona zodabwitsa za mlendo. Mlendoyo anali David Livingstone, ndipo m'katundu wake munali kabokosi ka nyali koonetsera zithunzi pansalu. Chithunzi choyamba chinali cha Abrahamu atakweza mpeni kuti aphe mwana wake Isake. Livingstone analemba yekha kuti pomwe ankasuntha chithunzicho, mpeni unaoneka ngati ukulunjika kwa amayi omwe ankaonerera, ndipo iwo anabalalika akukuwa. Koma mfumu inakhala phee mpaka pamapeto, kenako inachiyang'anitsitsa chipangizocho.

Patatha zaka zisanu, mu 1859, mzungu yemweyu anayenda m'chigwa cha Shire, mtsinje womwe umadutsa pa Liwonde pakati pa Machinga ndi Balaka. Kuyambira nthawi imeneyo, makina oonetsera zinthu zomwe palibe akhala akutipeza kuno kwathu, ena pambuyo pa anzawo. Mbiri yawo ili ndi funso limodzi: kodi amene akusankha zoti tione ndani?

Mu 1948 atsamunda anakhazikitsa bungwe la Central African Film Unit ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kuti lizikonza mafilimu a anthu akuda a ku Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Mafilimuwo ankayenda pagalimoto mudzi ndi mudzi, kuphunzitsa ulimi, ukhondo ndi kumvera boma. Wojambula anali mzungu, wosankha nkhani mzungu. Ife ntchito yathu inali kukhala pansi n'kuyang'ana.

Ufulu utabwera mu 1964, galimotozo sizinasiye kuyenda, anangosintha ndi mwini wake. Ndikukumbukira galimoto yachikasu ya a zaulimi itaima pabwalo la sukulu yathu, injini ikulira, nsalu yoyera itamangidwa, amayi atakhala uku, abambo uko, ife ana kutsogolo m'fumbi. Dziko linalibe wailesi ya kanema, ndipo lamulo la 1968 linapatsa boma mphamvu zounika filimu iliyonse isanaonetsedwe.

Kenako kunabwera nyumba za vidiyo. Pa Liwonde, pa Ntaja, pa Ulongwe ndi pa Balaka, kachipinda kotchinga ndi mphasa kankadzaza anyamata oonerera Rambo ndi Bruce Lee. Chingerezi sitinkamva, koma nkhani tinkaimanga tokha, wina kumasulira, wina kutsutsa, onse kuseka. Mu 1999, pa ulamuliro wa a Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga konkuno, Television Malawi inayamba kuulutsa. Pambuyo pake ansembe a Montfort anatsegula Luntha TV ku Balaka, ndipo achinyamata anayamba kuika mawu a Chichewa pa mafilimu akunja. Apa ndiye tinayamba kugwirako chigwiriro cha makinawo.

Tsopano kwabwera chipangizo china, magalasi ovala kumaso omwe Azungu akuti virtual reality. Nzeru yake ndi yakale. Mu 1838 Charles Wheatstone wa ku England anaonetsa kuti diso lililonse likapatsidwa chithunzi chake, chosiyana pang'ono ndi cha linzake, ubongo umaziphatikiza n'kuona chinthu chokhala ndi kuya, ngati chenicheni. Magalasi a lero amachita zomwezo, koma amatsatiranso mutu: ukatembenukira kumanzere, chithunzi chimatembenuka nawe, ndipo umamva ngati uli m'kati mwake. Ena, omwe akuti augmented reality, sakutchinga maso. Amangoika zithunzi ndi malemba pamwamba pa zomwe ukuona kale. Omwe Ivan Sutherland anapanga ku America mu 1968 ankachita kulendewera kudenga. Mu 2014 kampani ya Facebook inagula kampani ya Oculus pamtengo wa madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo mu 2024 Apple inatulutsa ake pamtengo wa madola 3,499.

Owerenga angafunse kuti izi zikutikhudza bwanji ife, pomwe midzi yambiri magetsi sanafike. Yankho lili pafupi, ku Lusaka. Mu 2019 akatswiri anafalitsa zotsatira za ntchito yophunzitsa madokotala a ku Zambia opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito magalasiwa. Wophunzira amabwereza opaleshoniyo kangapo, kulakwitsa n'kuyambiranso, popanda kukhudza thupi la munthu. Matenda amenewa akutha amayi ambiri kuno ku Malawi, choncho sitinganene kuti izi ndi zidole za ana a olemera. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Komabe kalumo kakuthwa kamameta, kamachekanso. Nsalu ya pabwalo la sukulu tinkaionera pamodzi. Filimu ikanama, agogo ankatsonya, mudzi wonse n'kumva. M'nyumba ya vidiyo ukachita mantha, mnzako ankakugwira phewa n'kukuuza kuti ndi sewero chabe. M'magalasi ovalawa munthu amakhala yekha, maso ndi makutu zonse zili m'manja mwa amene anakonza chithunzicho. Amayi a kwa Shinde anali ndi kothawira. Wovala magalasi akatembenuka, mpeni uja amaupeza uli pomwepo.

Palinso nkhani ya zomwe zidzajambulidwe kwathu kuno. Malo osungira nyama a Liwonde, omwe bungwe la African Parks lakhala likuwayang'anira kuyambira 2015, ali ndi njovu, mvuu ndi mikango zomwe alendo amalipira ndalama zambiri kudzaona. Zoterezi ndi zomwe makamera akunja amathamangira. Koma Machinga si njovu zokha. Kuli nyanja ya Chilwa yomwe inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kutsala pang'ono kutheratu mu 2018, ndi asodzi ake odziwa momwe matemba amabwererera madzi akadza. Kuli mapiri a Chikala, kuli manganje ndi beni, kuli nkhalamba zosunga mbiri ya mafumu monga Kawinga ndi Liwonde. Kulinso za kusimba, zomwe makolo anati si za maso a aliyense. Wojambula wobwera sadziwa malire amenewa; eni mudzi ndi amene amadziwa choonetsa ndi chobisa.

Pachifukwa ichi, ife olemba tisakhale m'gulu la othawa, komanso tisakhale m'gulu la ongoombera m'manja. Chipangizo chilichonse, kaya ndi chodula motani, chimafuna nkhani, ndipo nkhani ndiyo ntchito yathu. Kuchokera mu 1948 zinatitengera zaka zoposa 50 kuti tiike mawu athu pa kanema. Ulendo uno tisachedwe chomwecho. Titengere mfumu Shinde: tione mpaka pamapeto, kenako tinyamuke, tikachitembenuze chipangizocho, tidziwe komwe zithunzi zimalowera, kuti mdzukulu wa ku Ntaja akadzavala magalasiwa, adzapezemo agogo ake akulankhula Chichewa ndi Chiyao.