Mapointi 10 kwa Uyu, 9 kwa Uyo

Loweruka pa 14 Sepitembala 2024, mzinda wa Las Vegas unali ndi mipikisano iwiri ikuluikulu usiku umodzi. Ku T-Mobile Arena, Saúl Álvarez wa ku Mexico, amene dziko lonse limamudziwa kuti Canelo, ankaswana nkhonya ndi Edgar Berlanga. Chapafupi pomwepo, m'chinyumba chobulungira chotchedwa Sphere, kampani ya UFC inali ndi masewera ake a MMA, aja ophatikiza zibakera, mateche, zigongono, mawondo ndi kulimbana pansi. Kumeneko Sean O'Malley ankateteza lamba wake kwa Merab Dvalishvili wa ku Georgia. Nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola 9, ndiye amene anaonera ali ku Lilongwe kapena ku Chipata anaonera Lamulungu m'mawa. Ambiri anangowerenga zotsatira pa foni: Canelo wapambana 118-109, 118-109 ndi 117-110, Dvalishvili wapambana 49-46, 48-47 ndi 48-47.

Manambala amenewa si zigoli ngati za mpira, ndiponso si chiwerengero cha zibakera. Munthu wodziwa kuwawerenga atha kukufotokozerani mmene nkhonya yayendera ngakhale sanaione.

M'mbali zitatu za bwalo mumakhala majaji atatu, aliyense payekha, osalankhulana. Belu likangolira kuti raundi yatha, jaji aliyense amalemba pakapepala kake: amene wachita bwino mu raundiyo amalandira mapointi 10, mnzakeyo 9. Munthu akagwetsedwa ndi chibakera, kawirikawiri amachotsedwa pointi inanso, n'kukhala 10-8. Woyimbira nayenso ali ndi mphamvu yolamula kuti wina achotsedwe pointi ngati akumenya mmunsi mwa lamba wa kabudula kapena akugunda mnzake ndi mutu mwadala. Nkhonya ya amuna yolimbirana lamba wa dziko lonse imakhala ya maraundi 12, a mphindi zitatu iliyonse, choncho wopambana maraundi onse amafika pa 120. Pamenepa 118-109 yayamba kumveka. Canelo anataya mapointi awiri, kutanthauza kuti jajiyo anapatsa Berlanga maraundi awiri okha. Berlanga anagonja maraundi 10, zomwe zikanamusiya pa 110, koma ali pa 109. Pointi yosowayo ndi ya mu raundi yachitatu, pamene chibakera chakumanzere cha Canelo chinamukhazika pansi.

Chimene chimautsa mikangano m'mabala ndi m'maminibasi n'chakuti jaji saweruza nkhonya yonse pamodzi. Amaweruza raundi iliyonse payokha, akalemba walemba, sabwereranso. Zili ngati wogula chimanga amene akuwerenga ndowa: yodzaza mpaka kusefukira ndi yongofika m'milomo, zonse amaziwerenga imodzi imodzi. Ukamenya mnzako kwambiri mu raundi ina koma osamugwetsa, umapeza 10-9. Iye akakuposa ndi tizibakera tiwiri titatu mu raundi yotsatira, nayenso amapeza 10-9, mwafanana.

Anthu ambiri a mu Africa muno anaziona zimenezi pa 28 Okutobala 2023 ku Riyadh, pamene Francis Ngannou wa ku Cameroon, katswiri wa MMA amene anali asanamenyepo nkhonya yolipidwa, anakumana ndi Tyson Fury. Mu raundi yachitatu Ngannou anagwetsa Fury, munthu amene nthawi imeneyo anali ndi lamba wa bungwe la nkhonya la WBC. Chithunzi cha Fury ali chagada chinazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo atalengeza kuti wapambana ndi Fury, anthu anati Ngannou amubera. Mapepala a majaji anali 95-94 kwa Ngannou, 95-94 kwa Fury ndi 96-93 kwa Fury, m'nkhonya ya maraundi 10. Jaji woyambayo anagawa maraundi asanu asanu, kugwa kuja n'kupambanitsa Ngannou. Wachiwiri anapatsa Fury maraundi 6, wachitatu 7. Munthu ali ndi ufulu wotsutsa kuti raundi yakutiyakuti inali ya Ngannou, ndipo maraundi angapo analidi ovuta kugamula. Koma kugwetsa mnzako kamodzi kumangokuonjezera pointi imodzi, sikukugulira nkhonya yonse. Komabe pointi imodzi yomweyo nthawi zina imasintha zonse. Pa 18 Meyi 2024, ku Riyadh komweko, Oleksandr Usyk anamenya Fury mu raundi ya 9 mpaka kumangodzandira, zingwe n'zimene zinamuchirikiza. Lamulo limati ngati zingwe zokha ndizo zakuletsa kugwa, wagwa, ndipo woyimbira anamuwerengera. Jaji mmodzi anapatsa Usyk 115-112, wina anapatsa Fury 114-113, wachitatu anapatsa Usyk 114-113. Pakanapanda kugwa kuja, pepala lachitatuli likanakhala 114-114 ndipo akanafanana mphamvu.

Majaji onse atatu akagwirizana, atolankhani amalemba kuti unanimous decision. Awiri akasankha uyu, mmodzi uyo, ndi split decision, ngati zija za Ngannou ndi Usyk. Awiri akasankha munthu mmodzi, wachitatu n'kunena kuti afanana, ndi majority decision. Kusiyana kwake n'kofunika kwa wosewera, chifukwa wogonja pa split decision amakhala ndi poyambira kupempha kuti abwerezane.

MMA inabwereka kawerengedwe ka 10-9 ku nkhonya, ndipo ine ndimaona kuti sikayikwana bwinobwino. Masewera oyamba a UFC, ku Denver mu Novembala 1993, analibe majaji. Malamulo anabwera pambuyo pake, pamene maboma a zigawo za ku America anayamba kuwavomereza ngati masewera. Lero raundi ya MMA ndi ya mphindi zisanu, maraundi amakhala atatu, kapena asanu ngati pali lamba kapena ngati uli mpikisano waukulu wa usikuwo. Maraundi akachepa chonchi, jaji akalakwitsa imodzi yokha ndiye kuti zinthu zapita kwina. Ndiponso jajiyo amayenera kuyeza zinthu zosafanana: theche la pantchafu, chigongono chong'amba pachipumi, kunyamula munthu n'kumugwetsa, kumupinda mkono mpaka kutsala pang'ono kugonja. Malamulo amati choyamba ayang'ane kumenya ndi kulimbana komwe kwamupweteka kapena kumufooketsa mnzakeyo. Kulondola mdani ndi kulamulira bwalo zimabwera pokhapokha ngati pachoyambacho afanana.

Dvalishvili anapambana mwa njira imene wokonda nkhonya amachedwa kuimvetsa. O'Malley ndi wamtali, wodziwa kuponya zibakera ali patali. Dvalishvili sanafune za patali. Ankamulowa m'miyendo, kumupanikiza ku waya wa bwalo, kumugwetsa, kumugonera n'kumamumenya pang'onopang'ono, O'Malley akadzuka n'kumugwetsanso. Woonera wosazolowera amati akungogwirana, akutaya nthawi. Koma munthu amene wagonedwa pamwamba ndi katswiri wolimbana amapuma movutikira, mikono imatopa ndi kukankha, ndipo zibakera zake zonse zimakhala zopanda ntchito. 48-47 ikutanthauza maraundi atatu kwa awiri, 49-46 anayi kwa imodzi. Njira yomweyi ndi imene Khamzat Chimaev analandira nayo lamba kwa Dricus du Plessis wa ku South Africa mu Ogasiti 2025 ku Chicago, majaji onse n'kulemba 50-44. Mu MMA, 10-8 siidikira kuti wina agwe ndi chibakera. Imaperekedwa raundi ikakhala ya munthu mmodzi kuyambira pachiyambi mpaka belu.

Mayina a magulu a kulemera nawonso amasokoneza. O'Malley ndi Dvalishvili ankalimbirana lamba wa bantamweight, amene mu UFC malire ake ndi mapaundi 135, pafupifupi makilogalamu 61. Mu nkhonya dzina lomwelo limatanthauza mapaundi 118, osakwana makilogalamu 54. Canelo ndi Berlanga anali mu super middleweight, mapaundi 168. Osewera amakwera sikelo kutatsala tsiku limodzi, ambiri atadzikamula madzi m'thupi posala kumwa ndi kudzituluza thukuta, kenako amamwa ndi kudya usiku wonse n'kulowa m'bwalo atalemera kuposa malire aja. Za malamba n'zosavuta ku UFC, chifukwa kampani ndi imodzi ndipo imasankha yokha omenyana. Ku nkhonya mabungwe akuluakulu ndi anayi, WBA, WBC, IBF ndi WBO, lililonse ndi lamba wake komanso munthu wake amene limalamula kuti mwini lamba akumane naye. Wokhala ndi onse anayi amatchedwa undisputed. Canelo anali nawo onse, koma analowa m'bwalo usiku umenewo ali ndi atatu, chifukwa miyezi iwiri m'mbuyomo wa IBF unamuchoka atasankha Berlanga m'malo mwa William Scull, amene bungwelo linkafuna.

Mawu amene ine ndimawasamala kwambiri ndi a nkhonya yotha belu lomaliza lisanalire. KO ndi pamene munthu wagwa, woyimbira wawerenga mpaka 10 iye osadzuka. Akadzuka msanga, woyimbira amawerengabe mpaka 8, amamupukuta magolovesi, amamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti ayende kubwera kwa iye. Mapazi akamakokana, nkhonya yathera pomwepo. TKO ndi pamene woyimbira, dokotala kapena a pakona aona kuti munthu sakuthanso kudziteteza, ngakhale ali chiimire. Anisha Basheel wa ku Malawi anatenga lamba wa Commonwealth wa lightweight mwa njira imeneyi mu Juni 2018 ku York Hall mu London, pamene woyimbira analeretsa nkhonya yake ndi Sam Smith mu raundi yoyamba. Mu MMA mulibe kuwerenga. Munthu akagwa, mnzake amamutsatira pansi pomwepo ndi magolovesi ang'onoang'ono otulukira zala, ndipo woyimbira amakhala ndi kamphindi kochepa kwambiri koti adziponye pakati pawo.

Oonera amakwiya woyimbira akaimitsa msanga. Amati akanamusiya, mwamuna amafera pabwalo. Anthu aferadi pabwalo. Mu Novembala 1982 ku Las Vegas, Duk Koo Kim wa ku South Korea anagwa mu raundi ya 14 pomenyana ndi Ray Mancini, anadzuka pogwira zingwe, kenako anakomoka, ndipo anamwalira kuchipatala patangopita masiku ochepa chifukwa cha magazi oundana mu ubongo. Zitachitika izi bungwe la WBC linachepetsa maraundi olimbirana lamba kuchoka pa 15 kufika pa 12, mabungwe enawo n'kutsatira zaka za m'ma 1980 zisanathe. 120 uja amene timawerengera mapointi lero anachokera pa imfa imeneyi.

N'chifukwa chake sindiona chamanyazi pa mawu awiri amene anthu amawanyoza. Loyamba ndi submission, kugonja kwa mu MMA: munthu akakanyangidwa pakhosi kapena akapindidwa mkono, amagogoda mnzakeyo kapena pansi ndi dzanja, woyimbira n'kulekanitsa. Israel Adesanya, katswiri amene anasunga lamba wa middleweight kwa zaka, anagogoda mu raundi yachinayi du Plessis atamukwera kumsana ku Perth mu Ogasiti 2024. Wosagogoda amakomoka kapena kuthyoka mkono, zotsatira zake n'kukhala zomwezo. Lachiwiri ndi RTD, pamene wosewera sanyamuka pampando wake belu la raundi yotsatira likalira. Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre amene anakulira ntchito yake ya nkhonya ku South Africa, anapirira maraundi onse 12 ndi Sergey Kovalev ku Ekaterinburg mu Julayi 2016, pa nthawi imene Kovalev anali ndi malamba atatu ndipo ankaopedwa ndi aliyense mu light heavyweight. Anagwa mu raundi ya 7, anadzuka, anamaliza. Munthu yemweyo, mu Novembala chaka chomwecho ku Las Vegas, anasiyira pakona nkhonya yake ndi Oleksandr Gvozdyk itatha raundi ya 8, atavulala mkono. Anachira, ndipo mu 2018 anamenyanso maraundi 12 ndi Dmitry Bivol polimbirana lamba wa WBA.

Pali mndandanda wina umene umatuluka pambuyo pa mapepala a majaji, umene olemba za masewera kawirikawiri amaudumpha. Madokotala a bungwe loyang'anira masewerawa amapima wosewera aliyense akatsika m'bwalo, n'kulemba masiku amene saloledwa kumenyanso: ena 30, ena 60, wothyoka fupa mpaka 180 pokhapokha dokotala atamumasula msanga. Wogonja pa KO amaletsedwanso ngakhale kumenyana koyeserera ku malo ophunzirira kwa masabata angapo, chifukwa ubongo umene wagwedezeka ukalandira chibakera china usanachire, ngozi yake imakhala yaikulu kuposa yoyamba ija. Pamndandanda umenewu pamapezeka mayina a ogonja ndi a opambana omwe, ndipo ndikadakonda kuti nyuzipepala ndi mawayilesi athu aziulengeza Lolemba pamodzi ndi mapointi.