Anabwera pa Ndege: Pamene Niassa Inali Ndende Yopanda Mpanda

Inu atsogoleri a makalasi a kuwerenga, mwina munaonapo kuti m'mabairro a Lichinga, ngakhale kuno ku Assumane, muli agogo ena amene Cinyanja kapena Ciyao cawo cimamveka ca mlendo, ndipo akakwiya pakamwa pamatuluka Cishangana kapena Cisena. Mukawafunsa kuti munafika bwanji kuno, ambiri amangoti, "Ndinabwera pa ndege," basi nkhani yathera pomwepo. Ndege imeneyo ili ndi mbiri yake.

Kulanga munthu pomutaya kutali sikunayambe ndi ufulu ai. Makolo athu mu nthawi ya Apwitikizi, Lichinga akali Vila Cabral, anadziwa msipayo, palmatória ndi cibalo. Ufulu utabwera mu 1975 anthu anayesa kuti zimenezo zapita. Boma la Frelimo linati ilo silidzalanga monga atsamunda, koma lidzaphunzitsa wolakwa kuti asanduke munthu watsopano. Mau ake anali reeducação, kuphunzitsanso. Ndi mau okoma ndithu, makamaka kwa ife amene nchito yathu ndi kuphunzitsa akuluakulu.

Tsono misasa ya maphunziro amenewa yambiri inamangidwa kuno kwathu, cifukwa Niassa ndi yaikulu, anthu ndi ocepa, ndipo ili kutali ndi maso. Kunali M'telela ca ku Majune, kunali Msawize kumene anatumizako akazi, kunali Unango ku Sanga. Caka comweco ca 1975 apolisi ndi asilikali anasesa miseu ya Lourenço Marques usiku, nagwira akazi amene anawaganizira za uhule. Pakati pawo panali ovina, panali amai osakwatiwa amene anangopezeka panja nthawi yolakwika. Ku M'telela ndiko anasungidwa Uria Simango, Joana Simeão ndi Lázaro Nkavandame, ataonetsedwa kale pa gulu ku Nachingwea, ku Tanzania, kuti avomere kuti ndi ogulitsa dziko. Sanaonekenso amoyo, ndipo sanaimepo m'bwalo la milandu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu woweruzidwa ndi khoti, ngakhale cilango cikhale cowawa, amadziwa mlandu wake ndipo amawerenga zaka zake: zitatu, zisanu, kenaka kwathu. Wa ku reeducação analibe cowerenga. Amatuluka tsiku limene mkulu wa msasa waona kuti wasintha mtima. Nanga mtima amauyeza ndi ciani? Ena anakhala zaka cifukwa ca mlandu woti pa khoti ukanatha ndi miyezi iwiri, enanso analibe ngakhale pepala lonena cimene anagwidwira. Ankalima, kudula mitengo, kuimba nyimbo za cipani, ndipo wothawa ankakumana ndi thengo ndi zilombo zake.

Samora Machel mwini wake anaziona zina mwa izi. Mu 1979 anamasula anthu a ku Unango nawauza kuti amange mzinda pomwepo. Mu Novembala 1981 anayambitsa Ofensiva da Legalidade, nadzudzula poyera apolisi, asilikali ndi a SNASP amene ankamenya ndi kuzunza anthu. Koma sipanathe zaka ziwiri, mu Malici 1983, boma lomwelo linakhazikitsa lamulo lokwapula anthu pa gulu, chamboco. Cilango ca imfa cinali citalowa kale mu 1979 pamodzi ndi khoti la asilikali, Tribunal Militar Revolucionário.

Pakati pa caka ca 1983 ndipo panabwera Operação Produção, Armando Guebuza ali nduna ya za m'dziko. M'mizinda munali njala, m'masitolo mulibe kanthu, nkhondo ikukula. Boma linati olakwa ndi anthu osapindulitsa, os improdutivos, amene akudya osalima. Ku Maputo ndi ku Beira apolisi, amilisiya ndi a magulu oyang'anira mabairro ankaimitsa munthu pa mseu kapena kugogoda usiku, nafunsa mapepala atatu: citupa, khadi la nchito ndi khadi losonyeza kumene ukhala. Wosowa cimodzi ankapita naye kumalo ofufuzira, kufunsidwa mwacidule, kenaka ku bwalo la ndege. Taganizani inu mmisiri wokonza nsapato pansi pa mtengo, kapena mai wogulitsa mtedza: khadi la nchito akanalitenga kwa bwana uti? Ndipo amene sadziwa kuwerenga sakanatha ngakhale kuona cimene calembedwa pa dzina lake. Anthu zikwi makumi angapo anatengedwa motero kupita ku Niassa ndi ku Cabo Delgado. Anatsika pa Lichinga nyengo yozizira, ndipo inu mukudziwa mphepo ya kuno ya Juni ndi Julaye, ambiri atavala malaya omwewo amene anagwidwa nawo.

Kodi anthu a m'mizinda anavomera bwanji kuti anansi awo atengedwe conco? Mantha analipo, inde. Koma manyuzipepala anali atakonza kale munda. Masiku amenewo Notícias, magazini ya Tempo ndi Rádio Moçambique zonse zinali m'manja mwa boma. Kuyambira 1976 munkatuluka cithunzi ca munthu wina wojambula, Xiconhoca. Theka la dzinalo ndi njoka yomweyi timaidziwa. Iye anali waulesi, cidakwa, wakatangale, kazitape, zonse m'thupi limodzi. Anthu ankaseka, koma pambuyo pake aliyense wogwidwa ankaoneka ngati Xiconhoca asanatsegule pakamwa. Nyuzipepala inkaonetsa mizere ya anthu okwera ndege ngati mzinda ukusesedwa. Za mwana wotsala yekha m'nyumba, kapena za amene anafa ndi njala ndi malungo atafika, sizinkapeza malo. Kunena zoona, atolankhani ena anayesako kulemba za anthu ogwidwa molakwika, koma mau awo anali ang'ono.

Chamboco cinathetsedwa mu 1989. Malamulo a dziko a 1990 anacotsa cilango ca imfa, ndipo lamulo la ufulu wa atolankhani linabwera mu 1991. Misasa yokha inaphwasuka ndi nkhondo: ena anathawira ku Malawi, ena anatengedwa ndi Renamo, ena anabwerera kwawo mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa ku Roma. Ambiri analibe ndalama ya ulendo, kapena anali atakwatira kuno, nakhala. Mu 2012 Licínio Azevedo anatulutsa filimu ya Virgem Margarida yonena za akazi a ku misasa ija.

Amene anatsika pa ndege ali ndi zaka 20 lero apitirira 60. Ngati m'kalasi mwanu muli wotero, musamufunse pa gulu, pakuti dzina lija la "wosapindulitsa" ena likuwapwetekabe. Pitani kwawo madzulo ndi kope, mupemphe cilolezo, ndipo muyambe ndi mafunso ang'onoang'ono: munali kuti tsiku limenelo, munali mutanyamula ciani, ndani anakupatsani cofunda usiku woyamba. Akalola, iwo omwe alembe dzina la mudzi wa kwawo pamwamba pa tsambalo.