Galu wanu akamakhwekhwereza matako pansi, yambani mwamuyang'ana kunenepa

Mavidiyo a agalu okhwekhwereza matako pakapinga kapena pasimenti amaseketsa anthu pa TikTok ndi pa Facebook, ndipo makomenti amakhala oti "ali ndi njoka za m'mimba ameneyo". Nthawi zina n'zoona, koma nthawi zambiri vuto limakhala lina, ndipo limayenderana ndi chinthu chomwe ambirife m'tauni muno timanyadira: galu wonenepa.

Galu aliyense ali ndi timatumba tiwiri pafupi ndi potulukira chimbudzi, kena kumanzere kena kumanja. Mukayerekeza malowo ndi wotchi, timakhala cha pa 4 koloko ndi pa 8 koloko. Mkati mwake mumakhala timadzi tonunkha ngati nsomba yowola. Ndi fungo limene agalu amazindikirana nalo, n'chifukwa chake akakumana amayamba n'kununkhizana kumbuyo. Galu akamachita chimbudzi cholimba bwino, chimbudzicho chimafinya timatumbato ndipo timadzi timatuluka tokha. Koma chikakhala chofewa kapena galu akamatsegula m'mimba pafupipafupi, palibe chofinya. Timadzi tija timakhalitsa, timalimba, kanjira kake kamatseka. Kwa galu wonenepa zimavuta kwambiri chifukwa mafuta amachuluka pamalopo ndipo minofu simagwira ntchito bwino. Agalu ang'onoang'ono a m'nyumba aja ndi amene vutoli limawakonda, ngakhale aakulu nawonso limawagwira.

Zizindikiro zake si kukhwekhwereza kokha. Galu amangodzinyambita kapena kudziluma cha kumchira, amakhala pansi mozemba, amalira pochita chimbudzi, ndipo pomwe wagona pamatsala fungo lija. Mukazisiya, kathumba kamatupa n'kusanduka chithupsa, kenako kamaphulika pambali pa potulukira chimbudzi, n'kumatuluka magazi ndi mafinya. Zikafika apo, basi, pitani kwa dokotala wa ziweto. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo m'maboma muli maofesi a zaziweto. Iwo amafinya timatumbato, kutsuka, ndi kupereka mankhwala ngati pali matenda. Zofinya nokha mutaonera pa YouTube ine sindikulimbikitsa, makamaka potupa kale, chifukwa mutha kumupweteka ndipo galu wanu yemweyo akulumani. Komanso chonde, musamupatse Brufen wa m'kabati mwanu. Ibuprofen amawononga m'mimba ndi impso za galu.

Tsono za kunenepazi. Ambiri timati galu wonenepa ndiye kuti pakhomopo zinthu zikuyenda. Yesani izi: ikani manja m'mbali mwake. Nthiti muzizimva mosavuta, osachita kukanikiza, koma zisamaonekere patali. Mukamuyang'ana muli chiimire, kuseri kwa nthiti pazioneka kachiuno kolowa mkati. Ngati thupi lake langoti ndendende kuyambira m'mapewa mpaka kumchira ngati thumba la chimanga, wanenepa mopitirira. Madokotala amagwiritsa ntchito muyeso wa 1 mpaka 9, ndipo galu wabwino amakhala pa 4 kapena 5.

Chomwe chimanenepetsa agalu athu sichachilendo. Nsima yotsala ya banja lonse, msuzi wamafuta, zikopa za nkhuku, mandasi omwe ana amamuponyera, kenako tsiku lonse ali pa tcheni kapena m'khola, amangomasulidwa usiku. Galu wofula nayenso amafuna chakudya chochepa kusiyana ndi poyamba, koma mbale imakhala yomwe ija. Msuzi wa ndiwo uli ndi vuto linanso: anyezi amawononga magazi a galu, kaya wophika kaya wamuwisi.

Kafukufuku wina yemwe anatuluka mu 2002 ku America anatsatira agalu 48 a mtundu wa Labrador moyo wawo wonse. Theka la agaluwo ankapatsidwa chakudya chochepa ndi 25 peresenti, ndipo anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo. Kwa nyama yomwe imakhala zaka 12 kapena 13, zaka ziwiri si zochepa, aise.

Kumuchepetsa thupi si kumumana chakudya. Muziyeza chakudya ndi kapu imodzimodzi tsiku lililonse, mugawe kawiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo pakhale munthu mmodzi wodyetsa, chifukwa vuto lalikulu ndi loti aliyense pakhomo amamupatsa kake. Chepetsani nsima ndi mafuta, koma usipa, bonya wosathira mchere wambiri kapena nyama zisasowe. Onjezerani dzungu lophika lopanda shuga, masipuni angapo malinga ndi kukula kwake: limakhutitsa komanso limathandiza kuti chimbudzi chikhale choumbika, chomwe timatumba tija timafuna. Muziyenda naye m'mamawa kapena dzuwa likapepa, poyamba mphindi zochepa, kenako muziwonjezera.

Thupi lizitsika pang'onopang'ono, 1 kapena 2 peresenti pa sabata. Kwa galu wa makilogalamu 30, ndiye kuti magalamu 300 mpaka 600. Poyeza, kwerani pa sikelo mutamunyamula, kenako kwerani nokha n'kuchotsera. Ngati mwachepetsa chakudya kwa mwezi wathunthu koma sikelo sikusuntha, kapena akukhwekhwerezabe ngakhale munamupatsa mankhwala a njoka ndi a utitiri, mupite naye akamuone.