Chivomezi

Chivomezi ndi kugwedezeka kwa nthaka komwe kumachitika matanthwe a pansi pa dziko akathyoka kapena kusuntha mwadzidzidzi pamng'alu. Matanthwewa amakankhana kwa zaka zambirimbiri, ndipo akafika polephera kupirira, mphamvu yonseyo imatuluka nthawi imodzi. Kumtunda kuno timangomva mbale zikugundana m'kabati, malata akulira, kenako khoma lang'aluka. Kukula kwa chivomezi amakuyeza ndi makina otchedwa seismograph.

Malawi ali m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, momwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo Nyanja ya Malawi inadzaza mumng'alu woterewu. N'chifukwa chake zivomezi zinagwetsa nyumba ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009. Chomvetsa chisoni n'chakuti nyumba za zidina, zomwe anthu osauka amadalira, ndizo zimagwa msanga.