Mawu a pa kabokosi ka kompyuta

Mphunzitsi wa ku Chongwe akafuna kompyuta ya pa desiki amakwera basi pa msewu wa Great East, makilomita pafupifupi 45, mpaka m'masitolo a mu Lusaka. Asanakhale pansi, wogulitsa wayamba kale: "Bosi, iyi ndi i7." Amatchula ngati akunena za ng'ombe yonenepa. Ndalama zambiri zimatayikira pa mawu amenewa.

Tiyambe ndi dzina la bokosi lenilenilo. Ambiri timalitcha CPU, koma CPU ndi purosesa, kachipangizo kaphanthiphanthi kamene kali mkati, komwe kamachita masamu onse. Bokosi likhoza kukhala lalikulu ngati chigubu, kapena laling'ono ngati buku lonenepa. Mabokosi aang'onowa kampani iliyonse inawapatsa dzina lake: Dell ankati OptiPlex Micro, HP amati Mini, Lenovo amati ThinkCentre Tiny. Apple inatulutsa Mac mini mu 2005, ndipo Intel inali ndi NUC mpaka 2023 pamene inasiyira ntchitoyo ASUS.

Tsopano i7 ija. Zilembo i3, i5 ndi i7 zimangonena banja, sizinena msinkhu. Msinkhu uli pa manambala otsatira, omwe ogulitsa amati jenereshoni. Pa i7-3770, nambala 3 ikutanthauza m'badwo wachitatu, wa 2012. Pa i5-8500, nambala 8 ndi m'badwo wachisanu ndi chitatu, wa 2018. Yoyambayo ili ndi ma core anayi, yachiwiriyo asanu ndi limodzi, ndiye kuti i5 wachinyamatayu amamusiya kutali gogo wa i7. Palinso chifukwa china. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena kuposerapo. Alipo akatswiri oikakamiza pa makina akale, inde, koma ine sindingaike ndalama za sukulu pa njira yachidule yotere.

RAM ndi sitoreji zimasokoneza chifukwa zonse zimayezedwa ndi GB. Sitoreji ndi nkhokwe, RAM ndi lichero. Nkhokwe ikhoza kusefukira, koma lichero likachepa mupeta mpaka dzuwa kulowa. Kwa wophunzira wa pa Chalimbana University wolemba mu Word, masamba a intaneti ali otsegula, 8GB ikwanira. 4GB idzamutopetsa. Ubwino wake, tizidutswa ta RAM ta m'makina aang'onowa ndi tofanana ndi ta laputopu, ndipo mungawonjezere ndalama zikapezeka. Nkhokwe nazo zili pawiri: HDD ili ndi mbale yozungulira mkati, SSD ilibe chozungulira. Wogulitsa akakunyengererani ndi HDD ya 1TB, sankhani SSD ya 256GB. Kompyuta idzayaka musanamalize kupukuta fumbi pa kiyibodi.

Koma mawu amene munthu wa ku Chongwe ayenera kuwagwiritsitsa ndi wati, muyeso wa magetsi amene chipangizo chikudya. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi a ku Kariba, ZESCO n'kufika pozimitsa magetsi maola 17 patsiku. Kuyambira pamenepo sola, batire ndi inveta zinalowa m'nyumba zambiri, ndipo aliyense anaphunzira kuti batire silikhululuka. Apa ndi pamene chilembo T chimagwira ntchito. Purosesa ya i5-8500 inapangidwira mawati 65, pamene i5-8500T, yomwe imapezeka kwambiri m'timabokosi iti, inapangidwira 35. Imathamanga mochepera pang'ono, koma wolemba malipoti a sukulu kapena maakaunti a kopaletivu sangazindikire. Sikirini nayo imadya yake, muiwerengere.

Tisabise: kabokosi aka kalibe batire. Magetsi akathima, ntchito yosasungidwa yapita. Mankhwala ake ndi UPS, batire lokupatsani mphindi zochepa zoti musunge ndi kuzimitsa bwino. Ngati kwanu kulibe sola kapena inveta, laputopu ndiyo ingakuthandizeni kwambiri. Kabokosi kamapambana pamene anthu ambiri akugwiritsa ntchito makina amodzi, monga m'kalasi ya Computer Studies: mwana akathira madzi pa kiyibodi mumangogula kiyibodi ina.

Ambiri mwa makinawa ndi salaula, ngakhale ogulitsa amakonda kunena kuti ex-UK kapena refurbished. Anagwira ntchito m'maofesi akunja zaka zingapo, n'chifukwa chake mtengo ndi wotsika. Palibe chamanyazi, makina a m'maofesi amapangidwa olimba. Chofunika n'kufunsa kuti waranti ndi ya miyezi ingati, ndipo ilembedwe pa lisiti.

Musanatuluke m'sitolo, tembenuzani kabokosiko. Ambiri ali ndi DisplayPort, pamene sikirini yakale ya kunyumba imafuna VGA, ndiye mufunika chingwe cholumikiza ziwirizi. Ena alibe Wi-Fi mkati, zomwe mungadzazindikire mutafika kale ku Chongwe foni ili m'manja mukufuna kugawa intaneti. Onaninso adaputala ya magetsi: ya Lenovo ili ndi kamutu kachikasu ka ngodya zinayi, ya Dell ndi yozungulira, ndipo ya mnzanu singakuthandizeni ikatayika.